Mlendo Amene Sadapereke Moni

Nkhani iyi ndidaimva pamaliro kwa Jali, amuna titazungulira moto panja. Adaikamba ndi mkulu wina wa Chisilamu amene ankasoka zovala pamsika. Achinyamata adali atayamba phokoso ngati ali paukwati, koma iye atangotsegula pakamwa, onse adati zii. Ine sindine wa chipembedzo chake, komabe munthu wodziwa mwambo ndimamumvera. Ndikuilemba monga adainenera.

Kale kwambiri, Chisilamu chisadafike kuno kwathu, kudziko lina louma la kumpoto kudali msewu wa amalonda oyenda pa ngamila. Pakati pa msewuwo, kutali ndi mzinda uliwonse, padali nyumba ya anthu opemphera otchedwa Asufi. Nyumba yotere ankaitcha zawiya. Anthuwo ankakhalira zinthu ziwiri: kulandira apaulendo, ndi kutamanda Mulungu poimba ndi kuvina, monga sikiri amene timamuona kwa anzathuwa, kungoti iwo ankaimbanso kang'oma kam'manja kotchedwa dufu ndi chitoliro cha bango. Mkulu wa nyumbayo adali Shehe Hamdani, nkhalamba ya maso achimbuuzi. Pakhomo pankakhala Sefu, munthu wodandauladandaula koma wa mtima wabwino, amene ankavula alendo nsapato ndi kuwathirira madzi. Woimba adali Idirisa. Iyeyu sankagona m'zawiya. Adali ndi kanyumba kutsidya kwa msewu, kumene mkazi wake Zubeda ankaphika mikate yodyetsa alendo onse.

Anthu amenewa adali a dongosolo, ndipo pa chimenechi ndimawalemekeza. Wapaulendo akafika, sankapereka moni msanga. Ankalowa mwakachetechete, n'kusamba kumaso, m'manja ndi kumapazi, n'kupemphera, kenako ndiye ankatembenuka n'kupereka moni wa mtendere. Iwo ankati m'moniwo muli dzina la Mulungu, ndipo dzina limenelo salitchula munthu ali ndi fumbi lanjira m'kamwa. Mlendo asadapereke moni, palibe amene ankamulankhula kapena kumufunsa dzina. Akafuna kupitiriza ulendo, sankangonyamuka ngati mbuzi. Ankadikira mwini nyumba kuti amupatse njira.

Chaka chimenecho chilimwe chidakula. Amalonda ofika pa zawiya adayamba kunena za munthu amene ankawatsata m'mbuyo. Sankayandikira, sankatsalira. Iwo akapuma, naye ankaima. Akamuitana kuti adzamwe madzi, ankangoima poteropo, dzuwa likumuotcha. Gulu lina lidati lidamusiya kuphiri, lina lidati kuchigwa cha mchere, ndipo gulu lililonse linkamusiya pafupi ndi zawiya kuposa lapitalo. Abulu adayamba kukana kumwa pachitsime cha pabwalo. Ufa wa Zubeda unkakana kufufuma. Tsiku lina masana chitoliro chimene chidapachikidwa pakhoma chidalira chokha, liwu limodzi lalitali. Sefu adati ndi mphepo, koma ponena zimenezi adali akuyang'ana nsalu yapazenera, imene idali itangolendewera osagwedezeka.

Munthuyo adafika dzuwa likadali pamwamba. Sefu adati sadamuone akubwera mumsewu. Adangodzidzimuka ali chilili pakhomo, atavala mkanjo wa zigamba ngati wa Asufi anzawo, nsalu itaphimba kumutu. Sefu adagwada n'kumuvula nsapato monga mwa masiku onse. Nsapatozo zidali zozizira ngati zatuluka m'chitsime, ndipo kunsi kwake kudalibe fumbi. Adamuthirira madzi kumapazi, mtsuko udapepuka, koma poyang'ana m'mbale yosambira adapeza muli gwaa. Mlendoyo adalowa, n'kukakhala pamphasa pakona, nkhope ataloza kukhoma. Sefu adadikira moni. Dzuwa lidalowa asadaumve.

M'mawa Zubeda atabweretsa mikate, Sefu adamufotokozera zonsezi monong'ona. Zubeda adamuseka kuti maso ake akalamba limodzi ndi mbale yakeyo, mwina ndi yobooka.

"Yobooka ndi mikate yakoyi, mwanawe, yosafufuma ngati zikopa," adatero Sefu. Koma sadaseke.

Zubeda adafunsa chifukwa chimene sankangomufunsa munthuyo kumene achokera. Sefu adamuyang'ana ngati wamuuza kuti adye nkhumba. Angamulankhule bwanji munthu amene sadapereke moni? Sefuyo adapita ndithu kwa Shehe, koma Shehe adamudzudzula. Adati alipo anthu a Mulungu amene mitima yawo imalemera mpaka lilime kuuma, ndipo nyumba imene imayeza alendo ndi mbale yosambira yasiya kukhala nyumba ya Mulungu. Adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Amupatse chakudya, amusiye.

Mamewo sadakamuke. Tsiku ndi tsiku ankamuikira mkate, mphodza ndi zipatso za tende, ndipo ankazipeza zili momwemo. Sefu atayesa kupatsa nkhuku mkate wotsalawo, udangofumbutuka m'manja ngati phulusa, nkhuku zidathawa. Anthu a m'nyumbamo adayamba kutsutsana mwakabisira. Wina ankati mlendoyo ndi wokalamba, wina ankati ndi mnyamata wopanda ndevu, wina ankalumbira kuti ali ndi chipsera patsaya. Atafunsana bwino, adapeza kuti palibe amene adamuonapo kumaso. Ngakhale Sefu, amene adagwada patsogolo pake, ankakumbukira mapazi okha. Palibenso amene adamuona akuwerama popemphera. Ankangokhala tsonga, ngati munthu wodikira kuti aitanidwe.

Lachinayi madzulo ndiye idali nthawi ya kuimba. Idirisa adali atapeka nyimbo yatsopano, ndipo masiku onsewo ankaing'ung'udza akudya, akusamba, ngakhale akugona. Zubeda adamupempha kuti aname kuti mmero ukumupweteka. Adati mtima wake sukukhazikika chifikire munthu uja, ndipo ngati nyimboyo ikumuyabwa, akaimbire ngamila kukhola. Idirisa adaseka, nati ngamila zidaimva kale ndipo zidakondwa kuposa mkazi wake. Kenako adalankhula mofatsa kuti woimba amene athawa bwalo chifukwa choopa mlendo sangadzaimenso pamaso pa Shehe.

"Ndisungireni mkate wotentha, mayi. Ndibwera mwezi usanakwere," adatero pomanga nsapato.

Akazi sankalowa m'chipinda choimbiramo. Ankakhala pabwalo kunsi kwa zenera la timabowo, n'kumamvetsera. Sefu naye ankatsala pakhomo kusunga nsapato za amuna, zimene ankaziika pamzere m'mbali mwa khoma. Nyale zidayatsidwa, amuna adakhala mozungulira, dufu adayamba pang'onopang'ono. Zubeda atasuzumira pazenera adaona kuti mlendo uja wasuntha pakona pake ndipo wakhala m'bwalo la amunalo pamodzi ndi enawo, atafulatira zenera, mutu ataweramitsa. Palibe amene adamuona akuyenda.

Pa kuimba kumeneku padali lamulo lina. Munthu akagwidwa mtima ndi mawu a nyimbo n'kuimirira, onse ankaimirira naye, kuti asachite manyazi ali yekha pamaso pa Mulungu. Woimba sankapitirira, ankabwereza mzere womwewo umene wamukhudza munthuyo, kufikira atakhala pansi yekha. Ankati kumudula nyimbo munthu wotere kuli ngati kulanda madzi pakamwa pa waludzu, angathe kufa.

Idirisa adaimba bwino usiku umenewo, akazi ena adalira. Nyimbo yake idali ya munthu wolankhula ndi Mulungu, kumuuza kuti zonse zimene ankati ndi zake si zake. Adafika pa mzere wakuti:

Nyumba ndi yako, mlendo ndine.

Mlendo uja adaimirira.

Shehe adaimirira, ndipo onse adatsatira. Idirisa adabwereza mzerewo. Mlendoyo adayamba kuzungulira pang'onopang'ono, manja ali m'mbali, ndipo kulikonse kumene ankatembenukira, Zubeda ankaona msana wokhawokha. Amuna adayamba kuzungulira naye. Poyamba adakondwa, poganiza kuti mtima wa munthu wa Mulungu uja wamasuka ndipo akakhala pansi apereka moni. Idirisa adakweza mawu, akubwereza, akubwerezanso.

Mwezi udakwera, n'kupendeka. Akazi ena adapita kukagoneka ana. Mafuta adatha m'nyale, koma m'chipindamo simudade. Mudali kuwala kotuwa ngati kwa m'bandakucha, kosadziwika kumene kukuchokera. Tambala adalira. Nthawi ya pemphero la m'mawa idakwana, ndipo chimangire zawiya imeneyo, aka kadali koyamba kuti pasapezeke woitanira anthu kupemphero. Apa ndi pamene anthu anzeru akadazindikira. Mwambo umakhalapo kuti utumikire Mulungu. Ukayamba kutsekereza pemphero, ndiye kuti wina waulowa. Koma amene akadazindikirawo ndi amene adali m'kati, akuzungulira.

Dzuwa litakwera, woimba dufu adagwa. Zubeda adamuona atagona chagada, maso ali tong'o, dufu atagubudukira kukhoma. Koma kulira kwa dufu sikudaleke. Patapita kanthawi munthuyo adadzuka n'kuyambanso kuzungulira, ndipo Zubeda adazindikira kuti mapazi ake sakumveka pansi. Enawo ankamveka phwa, phwa, pamphasa; iyeyu ayi. Nthawi yomweyo Sefu adabwera kuchokera pakhomo. Adati pamzere wa nsapato paja pali mpata. Iye sadachokepo, sadaphethire, koma nsapato za woimba dufu palibe.

Tsiku limenelo mipata idachuluka. Aliyense wogwa ankadzukanso mwakachetechete, ndipo Sefu akayang'ana kukhoma ankapeza nsapato zake zapita. Amalonda amene adagona pabwalo adamanga katundu wawo mofulumira. Mmodzi adati sangachoke Shehe asadawapatse njira, koma anzake adamukoka, ndipo akazi ndi ana a pamalopo adapita nawo. Adamuitana Zubeda, iye adakana. Idirisa adali akadaima pamalo pake, mawu atasasa, milomo itang'ambika, ndipo nsapato zake zidali zikadali pakhoma.

Zubeda adadikira kuti Shehe adutse pafupi ndi zenera. Adamudandaulira, akumutchula bambo, kuti angokhala pansi iyeyo. Mkulu akakhala pansi, ena atsatira, mwamuna wake apume. Shehe adadutsa, ndipo atazungulira n'kubweranso adati, ndi mawu otsika kwambiri:

"Ndayesa, mwana wanga. Mawondo akukana."

Adapita, n'kubweranso.

"Tamupatsa nyumba ndi pakamwa pathu. Usiku wonse takhala tikumuuza kuti ndi yake."

Zubeda adati ngati ndi choncho angoisiya nyumbayo, atuluke, akamange ina. Shehe atafikanso pazenera, misozi idali itadzaza m'ndevu zake.

"Alendo tsopano ndife. Mlendo sachoka asadapatsidwe njira."

Ulendo wotsatira adadutsa osamuyang'ana, ndipo ndodo yake, imene inkagogoda pansi, idaleka kumveka.

Zubeda adagwa pamapazi a Sefu. Adati Sefuyo sali m'bwalo la ozunguliralo, sadaimirire nawo, lamulo silidamugwire. Alowe, akamutseke Idirisa pakamwa ndi dzanja, amukokere kunja. Sefu adadandaula monga mwa chizolowezi chake kuti ntchito zonse zoipa za m'nyumba muno zimagwera iye, kuyambira ndowe za ngamila mpaka izi. Kenako adamanga lamba m'chiuno, nauza Zubeda kuti atunge madzi, chifukwa mwamuna wake atuluka ndi ludzu.

Adayenda mpaka pakhomo la chipindacho. Pamenepo adawerama, n'kuvula nsapato zake, n'kuziika bwinobwino pamzere. Sadaganize n'komwe. Moyo wake wonse sadapondepo mphasa imeneyo ndi nsapato, ndipo manja ake adachita zimene adazolowera. Adalowa monga amalowera mlendo aliyense. Zubeda adamuona akutambasula dzanja kuti agwire phewa la Idirisa, dzanjalo n'kupitirira pambali, thupi n'kulitsatira. Sefu adayamba kuzungulira, nkhope yake ili yodabwa ngati ya munthu amene waterereka pamatope.

Zubeda adatsala yekha pabwalo ndi mtsuko wa madzi. Adagona pansi pa zenera, adadzuka pomwepo. Sadadziwe kuti kwacha kangati. Ankangopita kukhoma kukaona nsapato, n'kubwerera. Za Sefu zidapita. Potsiriza padatsala za Idirisa zokha, zachikopa chofiira, zimene Zubeda mwini adazisoka lamba. Adazitola n'kuzikumbatira pachifuwa, poganiza kuti zikakhala m'manja mwake palibe angazitenge.

Masana ena, dzuwa lili paliwombo, chitseko chachikulu chidatseguka. Mlendo uja adaima pakhomo, pamthunzi, pamalo pamene Sefu ankaima. Adali atanyamula mtsuko ndi mbale yosambira. Kumbuyo kwake kunkachokera fungo la nyama yowotcha ndi mkate wofufuma bwino, ndipo Zubeda adali asadadye. Pansi pa nsalu yakumutu padalibe chimene maso akadagwira. Ndipo pamenepo ndi pamene adapereka moni wake.

"Mtendere ukhale nanu, mayi. Mwatopa. Lowani."

Mawuwo adali aulemu. Mudali kunjenjemera kwa Shehe, mudali kudandaula kwa Sefu, mudalinso ena amene Zubeda adawadziwa, onse m'liwu limodzi. Chinthucho chidagwada, n'kutambasula dzanja kumapazi ake.

Kupyolera pamwamba pa phewa lake, Zubeda adaona mwamuna wake. Idirisa adali atatha ngati bango louma, magazi atauma pachibwano, koma adali akuimbabe, ndipo adali pafupi, kwakuti akadangoyenda pang'ono akadamugwira. Zubeda adaganiza kuti ngati sangamutulutse, bola akamumwetse madzi. Adaika mtsuko wake uja pansi, adawerama, n'kugwira lamba wa nsapato yake.

Idirisa adamuona. Adali atafika pakati pa mzere uja, ndipo adaudula. Palibe woimba wa nyumba imeneyo amene adachitapo zimenezi. Mitsempha ya pakhosi idatupa ngati akusenza mwala.

"Usavule, Zubeda. Pita."

Adagwa pomwepo. Zubeda adaona bwinobwino kuti pakamwa pake patsekeka, koma nyimbo idapitirira, ndi mawu ake omwe, osasasanso, okoma monga usiku woyamba. Atayang'ana pachifuwa pake adapeza akukumbatira nsalu yake yokha. M'katimo Idirisa adadzuka, n'kulowa m'bwalo pamodzi ndi anzake, mapazi osamveka.

Zubeda adabwerera chafutambuyo mpaka pamsewu. Chinthu chija sichidamutsate. Chidaimirira, chidawerama pang'ono monga amachitira mwini nyumba wodziwa ulemu, n'kusiya chitseko chotsegula.

Mbiri itafika kumzinda, kudabwera amuna a mikondo kuti adzaone. Zubeda adawachenjeza. Iwo adati sangamvere mkazi wopenga ndi chisoni. Koma atafika pakhomo adakumbuka kuti ndi nyumba yopemphereramo, ndipo adali ana oleredwa bwino. Adavula nsapato. Akavalo awo adamasulidwa ndi Zubeda, ataona kuti akufa ndi ludzu. Chichokere apo a kumzinda sadatumenso munthu.

Abale ake adabwera kudzamutenga, iye adakana. Adati msewu ukadalipo, ndipo anthu ochokera kutali sadziwa kanthu. Adakhala m'kanyumba kake komweko, moyang'anana ndi chitseko chija. Poyamba ankawalandira apaulendo, kuwapatsa madzi, kuwafotokozera zonse bwinobwino. Koma adaona kuti munthu akakhala pansi n'kupuma, khutu lake limayamba kumva nyimbo ya kutsidya, mphuno imamva fungo, ndipo nkhani ya mkazi wamasiye imasanduka nthano. Adaphunzira kuti wowafotokozera amawataya. Tsono mkazi amene mikate yake idadyetsa msewu wonse adakwirira uvuni wake. Akaona fumbi la ngamila ankatuluka ndi miyala ndi matemberero, kuwakaniza madzi, kuwakaniza mthunzi, kuti akwiye apitirire msanga kuchitsime cha kutsogolo. Dzina lake lidaipa m'dziko lonselo. Amayi ankaopseza nalo ana omana anzawo chakudya.

Ena ankapitiriradi, akumutukwana mpaka kuzimiririka, ndipo amenewo adakafika kwawo osadziwa amene adawapulumutsa. Koma Zubeda adakalamba. Mkono udafooka, miyala inkagwera pafupi, mawu sankafikanso pamsewu. Madzulo ena kudafika banja losauka loyenda pansi, bambo, mayi ndi ana awo, milomo itauma. Zubeda adakwawira pakhomo pake, nawauza kuti achoke, kuno kulibe madzi a agalu. Bamboyo adamuyang'ana mwachisoni, nati Mulungu amukhululukire gogoyu, pakuti sadziwa kuti mlendo ndi wa Mulungu. Kenako adatembenuka, n'kumvetsera.

"Tiyeni kutsidyaku," adauza mkazi wake. "Kukumveka kuti kuli anthu."

Adanyamula wamng'onoyo paphewa, n'kuwoloka msewu.